Lipoti la zilembo zinayi lija: tigule kapena tisiye?

Mlongo wa ku Chimwala: Akuluakulu, achinyamata pa boma pano ayamba kufunsana kuti "iwe zilembo zako n'ziti" asanafunsirane n'komwe. Ndi mayeso aja a khalidwe a pa webusaiti ya 16Personalities, omwe amakupatsa zilembo zosonyeza mtundu wa khalidwe lako. Kuyankha n'kwaulere, koma lipoti lalikulu amagulitsa m'madola. Ndikufunsira makamaka anthu ochezeka, ongodzuka n'kunena kuti tiyeni ku Cape Maclear lero lomwe: ESFP, ESTP, ENFP ndi ENTP. Wotere akagula lipotili angadziwedi woyenerana naye?

Aphunzitsi a ku Malindi: Chemwali, tiyambe ndi zilembozo. E ndi wopeza mphamvu pagulu, I ndi wopeza mphamvu akakhala payekha. S amagwira zooneka ndi maso, N amathamangira maganizo ndi za mawa. T amagamula poyeza mfundo, F poyang'ana mitima ya anthu. J amakonzeratu, P amati tiona pomwepo. Amene mwatchulawo onse ali ndi E kumayambiriro ndi P kumapeto. Njirayi, yotchedwa MBTI, anaikonza Katharine Cook Briggs ndi mwana wake Isabel Briggs Myers ku America, potengera zomwe katswiri wa za maganizo a anthu Carl Jung analemba mu 1921. Cholinga chinali chakuti munthu adzidziwe yekha, sanapange chida chosankhira mkazi. Komanso 16Personalities si MBTI yeniyeni, angobwereka zilembozo n'kuwonjezera chachisanu, A (wodzidalira) kapena T ina (woda nkhawa msanga).

Vuto lalikulu lili pa malire. Wopeza 51 peresenti ku E amalembedwa E, wa 49 amalembedwa I. Awiriwa ndi amodzi ndithu, koma tchati chosonyeza oyenerana chiwapatsa okwatirana nawo osiyana. N'chifukwa chake ambiri akabwereza mayeso patapita milungu ingapo amapeza chilembo china chasintha. Ndiye ukwati uumange pa chinthu chosintha ndi mmene wadzukira?

Achimwene a ku Monkey Bay: Aphunzitsi, mwaponda kwambiri. Ine ndikuti ligulidwe, bola awerenge onse awiri. Phindu lake si kusankha munthu, koma kupeza mawu. Banja la P ndi J limakangana chinthu chimodzimodzi chaka chonse: mwamuna wabwera ndi alendo asanu madzulo osanena, ndiwo zinali za anthu atatu, mkazi akuti wandinyoza, mwamuna akuti ndiwe wouma mtima. Akawerenga kuti wina mtima umakhala pansi akadziwiratu, wina amaona ngati wamangidwa akamuikira ndondomeko, mkangano umachoka pa "ndiwe woipa" n'kufika pa "tipangane". Zimenezo si zochepa.

Wamakompyuta wa pa boma: Zoona, koma mawu amenewo ali kale m'gawo laulere. Mtundu uliwonse uli ndi tsamba lake la zachikondi lomwe mumawerenga osalipira kanthu. Ndipo kulipira kwake si kwa Airtel Money kapena Mpamba ngati mukugula mayunitsi a magetsi. Pamafunika khadi yolipirira kunja monga ya Visa, m'nyengo ino imene madola akuvuta. Ambiri amapempha wina wa khadi kuti awalipirire, iye n'kuikapo yake pamwamba.

Chomwe chimawononga kwambiri n'chakuti anthu amayankha molakwika. Pali ziganizo pafupifupi 60, chilichonse chili ndi timadontho 7 kuchokera pa kuvomera kwambiri mpaka kukana kwambiri. Chitani chonchi. Aliyense ayankhe pa foni yake, mnzake ali kutali, chifukwa wokondedwa akamasuzumira umayankha zomusangalatsa. Yankhani mmene mumachitira masiku ambiri, osati mmene mumafunira kukhala. Mawu a Chingerezi akakuvutani funsani tanthauzo, musangodina kadontho kapakati; mukadina pakati kambiri zotsatira zimagwera pa malire aja anena aphunzitsi. Lembani maperesenti onse papepala, osati zilembo zokha. Dikirani mwezi, mubwereze. Chilembo chomwe chasintha musachiwerengere.

Mlongo wa ku Chimwala: Nanga matchati aja akuti ENFP ayenerana ndi INTJ kapena INFJ, ESFP ndi ISTJ kapena ISFJ? Amazungulira kwambiri pa Facebook ndi TikTok.

Aphunzitsi a ku Malindi: Amenewo ndi maganizo a olemba, ndipo satchulanso zofanana. Wina amati otsutsana amakokana, wina amati ofanana ndiwo amakhalitsa. Ofufuza anayesa nkhaniyi ndi muyeso wina wodalirika kwambiri, wa Big Five, woyeza makhalidwe akuluakulu asanu. Kafukufuku wa Dyrenforth ndi anzake wa mu 2010, wa anthu apabanja oposa 20,000 a ku Australia, Britain ndi Germany, anapeza kuti kufanana khalidwe kumathandiza pang'ono zedi pa kukhutira ndi banja, osafika ngakhale 1 peresenti. Zomwe zinaoneka kuti zili ndi mphamvu ndi zitatu: kusapsa mtima kapena kuda nkhawa msanga, kukoma mtima, ndi kusunga zomwe walonjeza. Taonani tsono, choyambacho zilembo zinayi sizichiyeza n'komwe. Pa 16Personalities chimabisala mu A ndi T muja, momwe anthu sayang'anamo.

Ankhoswe a pa Mpondasi: Ana inu, milandu yomwe imafika pa mphasa ya ankhoswe si ya zilembo. Munthu wa "tiona pomwepo" amagwa pa zinthu zitatu, ndipo zonse mukhoza kuziyesa osagula kanthu.

Choyamba ndi ndalama za tsiku limodzi. Usipa ukagwa bwino pa Makawa, mnyamata amatha kugwira madzulo amodzi ndalama zomwe wina amalandira pa mwezi. Wochezeka amagulira gulu lonse, kunyumba n'kufika ndi zotsala. Kenaka mwera ukuwomba mu Juni ndi Julayi, mabwato ali kumtunda masiku angapo, m'nyumba mulibe ufa. Apa mkazi akhale INFJ kapena chiyani, njala ndi yomweyo. Mankhwala ake ndi pangano la manambala: ndalama ikangolowa igawidwe patatu tsiku lomwelo, ya chakudya ndi lendi, yosunga ku banki m'khonde, ndi ya m'thumba. Ya m'thumbayo mwini wake asafunsidwe kuti yapita kuti. Mukamulanda yonse amayamba kubisa, ndipo kubisa ndiko kumapha banja, osati kucheza.

Chachiwiri ndi chikamwini. Kuno mwamuna nthawi zambiri amakakhala kwa mkazi, pamaso pa apongozi ndi amalume. Mkamwini wongosowa osatsanzika, wobwera usiku ndi anzake, amaoneka wachipongwe ngakhale mtima wake uli woyera. Lipoti lolembedwa ku Ulaya limaganiza kuti m'banja muli anthu awiri okha. Silidziwa kuti pali apongozi omwe akuwerenga kuti munda walimidwa mizere ingati.

Chachitatu ndi nsanje. Wochezeka amaseka ndi aliyense pa msika, pa kabaza, pa ukwati. Mnzake wofatsa amangosunga mumtima mpaka tsiku lophulika. Funsanani musanalowe m'banja kuti malire ali pati: kuvina ndi ena, kucheza pa foni usiku, kuperekeza anzanu.

Achimwene a ku Monkey Bay: Bambo, pamenepo sinditsutsa. Koma taganizirani mabanja omwe mwamuna ali ku Joni zaka ziwiri, akungolankhulana pa WhatsApp. Ankhoswe sangawakhazike pa mphasa imodzi. Kukhala ndi cholembedwa chomwe onse akuwerenga, mutu umodzi pa sabata, kumawapatsa nkhani ina yoposa "watumiza zingati".

Wamakompyuta wa pa boma: Ngati ndi choncho ayambe ndi masamba aulerewo, atumizirane zithunzi zake. Akawamaliza onse awiri, mwezi n'kutha akadali ndi chidwi, agule limodzi lokha la amene khalidwe lake likuvutitsa. Ambiri safika n'kumapeto kwa gawo laulere, Chingerezi chake n'chochuluka.

Aphunzitsi a ku Malindi: Ndiwonjezere za awiri omwe onse ndi E ndi P, poti matchati amawaopseza. Amagwirizana msanga ndipo sasowa chocheza. Chomwe chimawagwetsa n'chakuti palibe wokumbukira tsiku la fizi kapena la sikelo ya mwana. Safunika kusiyana, afunika kugawana ntchito mwa dzina: uyu madzi ndi magetsi, uyu sukulu, alamu ya pa foni ikhale masiku atatu tsikulo lisanafike. Choopsa china ndi kusandutsa zilembo chobisalira. "Ndine P, sindisunga nthawi." Ayi, wachedwa basi.

Mlongo wa ku Chimwala: Ndiye achinyamata ndiwauze kuti asagule?

Ankhoswe a pa Mpondasi: Posankha munthu asagule. Amuone kaye pa nyengo ya mwera ali wopanda ndalama, amuone pa maliro a kwawo kwa mkazi ngati amagwira khasu kapena amangocheza pansi pa mtengo, ndipo amubwereke kandalama kochepa n'kupangana tsiku lobweza.

Achimwene a ku Monkey Bay: Za kubwereka ndalamazo ndavomera. Za a ku Joni ndikadali pomwepo.