Timiyala tonyezimira tikuyoyoka pa madiresi a ovina, nditani?

Amayi ndi abambo osoka, zandivuta, ndithandizeni. Ndimasokera ku Matero mu Lusaka, ndipo ndalandira ntchito ya madiresi 8 a atsikana ovina pa ukwati, ukwatiwo ndi Loweruka la sabata yamawa.

Ndinagula timiyala ta hotfix ku Kamwala, tija tobwera ndi guluu kumsana koti usungunuke ndi moto wa simbi, saizi SS16, pafupifupi mamilimita 4. Pa chitenje tinagwira bwinobwino, ngakhale kukanda ndi chikhadabo sitinachoke. Vuto lili pa nsalu yotamuka ya pachifuwa ndi m'manja. Dzulo atsikana atayesa madiresi n'kuvina kamodzi kokha, pansi ponse panali ng'aning'ani, ine n'kumatola ndi tsache ngati mpunga wotayika. Nditawonjezera moto, nsalu inachita chipsera chowala, diresi limodzi lapita basi.

Kodi pa nsalu yotamuka mumamata ndi guluu wa E6000, kapena ndingogula timiyala tobowola n'kusoka kamodzikamodzi ndi singano? Kusoka ndikudziwa n'kolimba, koma madiresi 8 ndili ndekha, maso anga atha.

Chinanso, ma sequin, timabale tonyezimira tobowola pakati. Aja olumikizana pa ulusi umodzi, ulusi ukangoduka onse amatsetsereka. Mumamanga mfundo pakapita angati? Komanso akukanda atsikana m'khwapa, wina wafiira kale khungu. Kodi kuika kansalu kofewa m'mphepete kumathandiza?

Amene mukudziwa kogula timiyala tagalasi, osati tapulasitiki tozilala msanga, kaya ku City Market kaya ku msika wa Comesa, mundilozereko chonde. Make mkwatibwi akungoimba foni m'mawa uliwonse.