E6B ya R900: ndigule kapena ndingodalira foni?

Mwana_wa_Ndirande: Moni nonse. Ndayamba kumene PPL (laisensi yoyamba yowulutsira ndege) kuno ku Joni, sabata yamawa tikulowa Navigation. Aphunzitsi akuti aliyense abwere ndi E6B yake, chimbale chozungulitsa chowerengera nthawi, mafuta ndi mphepo paulendo wa pandege. Pashopu ya pasukulu yachitsulo ili pa R900, yapepala lolimba R350. Chonsecho pafoni ndili ndi app yaulere yochita zomwezo. Ndalama zikuchokera kumudzi, ndipo kwacha mukuidziwa mmene ilili. N'choyeneradi kugula chimenechi, kapena ndi bizinesi ya sukulu chabe?

Wapsamtima: R900? Amwene, gwadani muthokoze. Ine ndinapereka R1,400 kwa mkulu wina wa pa intaneti, ati yachitsulo yeniyeni yochokera ku America. Chitafika, chimbale chapakati chinali chopendekeka. Ukalinganiza 10 ndi 10, uko kwa 30 manambala sakukumana. Mawerengero onse amafuta ankatuluka okhota, ine n'kumaona ngati mutu wanga ndi umene wauma. Kumuimbira mkuluyo, nambala siikupezeka mpaka lero. Anthu ena Mulungu akuwaona.

Kaputeni_Mtsogolo: Mafana, pa zida osamaumira. Ine ndili ndi E6B yachitsulo ya ASA, CRP-5 ya Pooleys (chimbale chonga E6B), ndi CX-3 yowerengera yamabatire. Navigation ndinakhoza ulendo umodzi, pomwe ena amavutika ndi 75% yokhozera yomweyo. Mpaka pano ndimapeza ground speed (liwiro la ndege poyerekeza ndi pansi) pachimbale mnzanga asanatsegule n'komwe foni.

Wapsamtima: Takunyadirani bwana. Funso linali limenelo?

Zotchipa_Basi: Musagule chatsopano aise. Pasukulu iliyonse pali anthu amene ndalama zawathera panjira, akubwerera kwawo. Amagulitsa zonse pamodzi, mabuku, protractor, rula, headset. Yanga ndinatenga R200, ili ndi dzina la mwini wake kumbuyo koma imazungulira bwinobwino. Mwinanso ingosindikizani ya pa intaneti, muimate pulasitiki, pakati mubaye phini.

Achemwali_172: Zosindikiza zija ayi, achimwene. Printa ikangotambasula pepala pang'ono, mwapanga chimbale chonga cha a Wapsamtima ndi manja anu omwe.

A Ndirande, foni simulowa nayo m'mayeso, ndiye app iwalani kaye. Koma nkhani si mayeso okha. Kutsogolo kwa E6B kuli zimbale ziwiri, ndipo chachikulu n'kudziwa kachizindikiro ka 60 kaja. Tiyerekeze mukuchoka pa Kamuzu International kupita ku Chileka, mtunda wa ma nautical mile pafupifupi 130. Ground speed 100. Ikani ka 60 pansi pa 10, yang'anani 13 kunja, mkati muwerenga 78. Ndi mphindi zimenezo. Mafuta chimodzimodzi: Cessna 172 imamwa magaloni 8 kapena kuposerapo pang'ono pa ola. Ka 60 pa 8, pitani pa 78 mkati, kunja mupeza 10.4.

Tsono chimbale sichikuuzani ngati ndi 1.04, 10.4 kapena 104. Kadontho mumaika nokha. Apa ndi pamene chimakuphunzitsani, chifukwa musanazungulitse mumayenera kudziwa kale kuti ola ndi kanthu sizingadye magaloni 104. App mukailembera zolakwika imakuyankhani zolakwika mwaulemu, inu n'kukopera. Ana anga a sukulu ozolowera app ndawaonapo akulemba zinthu zoti ndege ikanafunika ngolo ya mafuta kumbuyo.

Kaputeni_Mtsogolo: 172 yomwe ndimaulutsa ine imamwa 10.

Achemwali_172: Phunzirani kuchepetsa mixture, mafuta osakanizika ndi mpweya mu injini, Kaputeni.

Malume_a_ku_Area25: Pepani ndalowerera za eni. Mesa ndege zili ndi makompyuta kale? Mwana wa mlongo wanga nayenso akufuna sukulu yomweyi, ndiye tizigulanso zimbale? Kodi yonse pamodzi imakwana zingati mpaka munthu alembedwe ntchito?

Zotchipa_Basi: Malume, limenelo musafunse usiku, simugona.

WakuLeeds: Kuno ku UK ambiri a PPL timagwira CRP-1, ofuna ATPL (laisensi yapamwamba ya ndege za makampani) ndiye CRP-5. Yanga ndinagula mapaundi osapitirira 50. Chenjezo langa ndi la mavidiyo. Aku America pa E6B amaika kadontho ka mphepo pamwamba pa kabowo kapakati, kuno ambiri amaphunzitsa kukaika pansi. Njira zonse zimafikitsa, koma ukaphatikiza theka la uku ndi theka la uko, mphepo yakutsogolo imasanduka yakumbuyo. Tsatirani njira ya aphunzitsi anu, imodzi yomweyo.

Wapsamtima: Mapaundi 50 ndi ma rand angati? Nanunso anakuberani.

Achemwali_172: A Leeds anena zoona. Kumbuyo kwa E6B, kowerengera mphepo, timatere: komwe mphepo ikuchokera muike pa TRUE INDEX, muwerenge liwiro lake kukwera kuchokera pakabowo, mudonthezepo ndi pensulo. Kenako zungulitsani mpaka njira yanu ifike pa TRUE INDEX, mukankhe kathabwa kotsetsereka mpaka kadontho kakhale pa mzere wa TAS, liwiro lenileni la ndege mumpweya. Pansi pa kabowo pali ground speed. Kadontho kakagwera kumanja, mphuno ya ndege mukhotetsera kumanja madigiri omwewo. Pensulo yofewa chonde, osati bolopeni. Ndipo mphepo ya pa METAR (lipoti la nyengo la pabwalo la ndege) ndi ya true, yoyezedwa kuchokera kumpoto kwenikweni, imene akuuzani a pa tower ndi ya magnetic, ya kumpoto kwa kampasi. Kuno ku Gauteng kusiyana kwake ndi madigiri pafupifupi 20, si zocheza.

Mphunzitsi_Wopuma: Anyamata, chida chimenechi n'chakale kuposa agogo anu ena. Anachikonza ndi Philip Dalton wa ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina loti E-6B ndi nambala imene asilikali a ndege a dzikolo anachipatsa. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anthu ankawoloka nacho nyanja. Batire sichifuna.

Zotchipa_Basi: Madala, nthawi imeneyo foni kunalibe.

Kaputeni_Mtsogolo: Zonsezi n'zotaya nthawi. Gulani CX-3 basi, R2,000 yokha. Pofika CPL, laisensi yowulutsira ndege pa ntchito, mudzaifunabe.

Wapsamtima: R2,000 kuti? Ine anandiuza R3,200. Ndipo si inu mumati mumathamanga pachimbale kuposa foni?

Kaputeni_Mtsogolo: Wodziwa amadziwa zonse ziwiri.

Chiphaliwali: Palibe watchula kawindo ka density altitude. Ine ndi kamene kanandikopa. Rand Airport ili pamtunda wa mafiti pafupifupi 5,500. Masana a Disembala kukatentha madigiri 30, linganizani pakawindopo muone, ndege ikudzimva ngati ili pa 8,500 ndi kuposa. Ukaona ndi maso nambala ikukwera pamene ukusuntha kutentha, sufunsanso chifukwa chake Cessna 152 ikukanirira pa runway muli anthu awiri onenepa. Komanso samalani magaloni, pachimbale alipo awiri: la US ndi malita 3.785, la imperial 4.546. Pampu imathira malita.

Mwana_wa_Ndirande: Zikomo nonse, koma ndasokonezeka kuposa poyamba. Yachitsulo kapena yapepala?

Achemwali_172: Ngati mupitirira mpaka CPL, yachitsulo. Yapepala imafufuma ndi thukuta, m'chikwama imapindika.

Zotchipa_Basi: Yapepala. R550 yotsalayo muikize pa ola lowuluka.

Wapsamtima: R550 ndi yongozungulitsira pulopela. Iliyonse mungagule, linganizani 10 ndi 10 pamaso pa wogulitsayo, muone ngati manambala onse akukumana kuzungulira konse. Kapena mugule yangayi, R500.

Malume_a_ku_Area25: Funso langa lija simunandiyankhe.