Motorhome ya ku Japan: tigule, kapena ndalamayi ipite ku Hilux ndi tenti ya padenga?

Chisomo, Area 49: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali HiAce yosinthidwa kukhala motorhome, ya dizilo, 2WD (yokoka ndi matayala awiri okha), otomatiki. Muli bedi, sinki, fuliji ndi sitovu. Ulendo ndi wa tchuthi cha Disembala, anthu anayi: kunyamuka Lilongwe pa M1 mpaka Mzuzu, kulowa chigwa cha South Rukuru, kukwera Nyika, kukaona Livingstonia, pobwera kutsata nyanja pa M5. Kodi ndi yoyenera kugula, kapena ndigule Hilux ndi tenti ya padenga?

Bambo Mwale, Biwi: Achimwene, pa ulendo umenewo, ayi. Nkhani ili pa 2WD komanso thupi la kumbuyo. Galimoto zimenezi zimakhala zazifupi pansi, ndiye osintha aja amakamangiranso thanki ya madzi ndi sitepe kunsi komweko. Polowa m'khwawa matayala akutsogolo amayamba kukwera pamene kumbuyo kudakali kotsika, mchira n'kukhula pansi. Choyamba kusweka ndi thanki ya madzi akuda, kenako ekizozi. Pa tala simudzaona vuto, koma Nyika si tala.

A Gondwe: Ndigwirizane ndi a Mwale. Kuchoka pa Rumphi boma kukafika Chelinda ndi makilomita opitirira 100 kudzera pa geti ya Thazima, ndipo gawo lalikulu ndi lafumbi. M'chilimwe vuto ndi mankhukutu, aja ogwedeza galimoto mpaka masikulufu a makabati kumasuka. Mu Disembala ndi thope lofiira loterera ngati therere. Za Livingstonia, msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba uli ndi makona pafupifupi 20 okhota ngati chigongono. Galimoto yayitali imafunika kubwerera m'mbuyo pakati pa kona, kuseli kuli phompho. Ndi motorhome dzerani njira ya ku Njakwa, Gorodi muiwale.

Anaphiri, Area 18: Komatu abambo mukuyankha ngati Malawi yense ndi Nyika. Banja la ana awiri, mvula ikugwa usiku, tenti ya padenga ndi chintchito: makwerero onyowa, mwana akufuna kukataya madzi 2 koloko m'bandakucha, m'mawa mupinde tenti yonyowa. Ikakhala chipindire masiku awiri imachita nkhungu. Mu motorhome mumangotseka chitseko, kuphika, n'kugona. Senga Bay, Nkhotakota, Chintheche, Liwonde, Likhubula kunsi kwa phiri la Mulanje, konseko HiAce imafika. Ine ndikuti gulani, koma sinthani ulendowo.

Bambo Mwale, Biwi: Apo mwanena zoona mayi. Ngati ulendo ndi wa tala, ndifewa. Koma asanapereke ndalama aone injini. Ngati ndi 1KZ, imakoka bwino koma ikangowira kamodzi hedi imang'ambika, ndipo motorhome imayenda yolemera nthawi zonse. Ya 5L ndi yolimba, masipeya ali mbwee kuno ku Biwi, koma ilibe turbo. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse mukamakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Chelinda ili pamwamba kupitirira mamita 2,000, werengani nokha. Ya 1KD ili ndi mphamvu, koma zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, yomwe imatsekeka galimoto ikamayenda maulendo afupiafupi m'tauni, ndipo mainjekitala ake sagwirizana ndi dizilo wa litsiro kapena wamadzi.

Ikangofika, musadalire zolembedwa m'buku: sinthani timing belt ndi water pump limodzi, thermostat, mapaipi a rediyeta, fyuluta ya dizilo, ndipo ina ya sipeya ikhale m'galimoto. Popeza ndi otomatiki, ikani choziziritsira chapadera cha mafuta a giyabokosi. Pa chitunda chachitali mafuta amenewo ndi omwe amayamba kupsa.

Che Yusufu, Kanengo: Mbali ya magetsi anthu amaiwala. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi 100V, kuno ndi 230V. Mukangolumikiza chingwe cha motorhome pa soketi ya pa kampu, chaja ndi microwave zapsa pompo. Njira ndi ziwiri: kuika transifoma yotsitsa, kapena kuchotsa zonse za 100V n'kuyala mawaya atsopano okhala ndi buleka yakeyake. Yachiwiriyi ndiyo yabwino.

Batire ya zipangizo za m'kati mwa motorhome nthawi zambiri imafika itafa kale. Fuliji ya 12V ya malita 40 imadya pakati pa 30 ndi 45Ah (muyeso wa magetsi a m'batire) patsiku kukatentha ngati kunyanja. Batire wamba ya 100Ah mumangogwiritsa theka lake, mukapyola apo imatha msanga. Ndiye popanda sola tsiku limodzi ndi theka basi, nyama yawonongeka. Pamafunika panelo ya 150 mpaka 200W, ndi chaja ya DC-DC kuti injini izidzaza batireyo mukuyenda koma fuliji isamakoke ku batire yolizira galimoto. Sitovu zambiri ndi za timabotolo ting'onoting'ono ta gasi. Kusintha kuti igwire silinda yathu ya 3 kapena 5kg kumafuna regyuleta ndi paipi yatsopano, komanso kabati ya silinda ikhale ndi bowo pansi chifukwa gasi akadontha amatsika.

Chisomo, Area 49: Zikomo kwambiri. Nanga mitsetse ngati wa Chiweta, otomatiki imakwanitsa?

A Gondwe: Imakwanitsa ngati woyendetsa akudziwa. Chiweta, Golomoti kuchokera ku Dedza, Thabwa potsikira ku Chikwawa, ndi msewu wa Ku Chawe ku Zomba, lamulo ndi limodzi: lowetsani 2 kapena L muli pamwamba, musanayambe kutsika. Giya yomwe mungakwerere ndi yomwe mutsikire. Buleki pondani mwamphamvu pang'ono, liwiro litsike, kenako siyani izizire. Kuigwirira pang'onopang'ono njira yonse ndi komwe kumapsereza mapadi. Mukamva fungo la kupsa, imani pamalo otakasuka mphindi 20 kapena 30, ikani mwala ku tayala, ndipo musathire madzi pa madisiki, amapindika.

Bambo Mwale, Biwi: Ndiwonjezere. Brake fluid amayamwa chinyezi. DOT 4 watsopano amawira pa madigiri 230, wokalamba amatsika kufika cha m'ma 155. Akawira, phazi limangolowa mpaka pansi buleki osagwira. Sinthani yense musananyamuke, ndi ndalama yochepa. Matayala akhale olembedwa C kapena LT, aja onyamula katundu wolemera, osati a galimoto yaing'ono. Onani manambala anayi m'mbali mwa tayala osonyeza nthawi yomwe linapangidwa: 2317 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2017. Motorhome imakhalitsa chiimire, mapanga amaoneka atsopano koma m'mbali muli ming'alu.

Mayi Chirwa, Area 47: Palibe wanenapo za kulemera. Pa chitseko pali kachitsulo kolemba kulemera komwe galimoto ikuloledwa. Makabati ndi bedi zadya kale gawo lalikulu. Onjezani madzi malita 80, ndiwo makilogalamu 80, zigubu ziwiri za dizilo pafupifupi 40, anthu anayi, silinda, ufa, mapoto. Kaiyezeni pa sikelo ili yodzaza musanakhulupirire. Laisensi ya B imathera pa 3,500kg. HiAce ili mkati, koma amene akuganiza za Coaster akufunika C1.

Chachiwiri, denga. Kwerani muone pozungulira fani ndi mawindo. Lowani mkati, dinani ndi chala m'makona a siling'i ndi pansi pa bedi. Pakafewa kapena pali mabala akuda, madzi analowa kalekale ndipo matabwa a mkati awola. Kukonza zimenezo n'kuphwasula nyumba yonse. Yoteroyo isiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji.

Anaphiri, Area 18: Za mafuta nanga? Thanki ya HiAce ndi ya malita 70, ikadzaza katundu muwerengere makilomita 8 kapena 9 pa lita. Lilongwe mpaka Mzuzu ndi pafupifupi 360, mumafika bwinobwino. Thirani pa Kasungu ndi pa Mzuzu ngakhale thanki ili pa theka, poti masiku ano simudziwa pampu yotsatira ili ndi chiyani.

A Gondwe: Ndipo pa Rumphi ndiye pomaliza penipeni kwa opita ku Nyika. M'mwambamo musayembekezere pampu.

Mayi Chirwa, Area 47: Funso langa kwa a Chisomo ndi ili: muziigwiritsa ntchito masabata angati pachaka? Inshuwalansi ndi COF mumalipira chaka chonse ngakhale itaima. Msonkho wa MRA umakwera ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo ma motorhome otsika mtengo ndi akale. Funsani kiliyaring'i ejenti akuwerengereni musanaitanitse. Hilux Lolemba ikupita ku ntchito, Loweruka ikunyamula chimanga kumudzi, tenti mumangotsitsa mabawuti n'kuiika m'galaja. Pogulitsanso, Hilux ogula ndi ambiri, motorhome mudikira.

Che Yusufu, Kanengo: Pali njira yapakati. HiAce ya 4WD ilipo ku Japan. Si Land Cruiser, pansi ndi pafupibe, koma pa thope lochepa ndi udzu wonyowa wa pa kampu imatuluka pomwe ya 2WD imangozungulira matayala.

Chisomo, Area 49: Ndamva. Ndiye ya 2WD iyi ndiisiye, ndifufuze ya 4WD, ndipo Disembala tingotsata nyanja. Nyika tipite liti?

A Gondwe: Seputembala kapena Okutobala, msewu uli wouma. Juni ndi Julayi nakonso kumayendeka, koma ku Chelinda usiku kumagwa chisanu mpaka udzu kuyera, mutenge mabulangete awiriawiri. Mukaipeza ya 4WD ija, ipititseni kaye kwa a Mwale aione kunsi musanamalize kulipira.