Tipu ya weta ku America: ndi yokakamiza?

Wapaulendo: Akuluakulu, ndithandizeni. N'chifukwa chiyani ku America weta amayembekezera tipu (kandalama kothokoza kochokera kwa kasitomala) pomwe ali pa malipiro? Ndipo makasitomala amapereka zingati?

Wa ku bala: Achimwene, vuto lagona pa lamulo. Boma lalikulu la America limalola bwana kulipira weta $2.13 pa ola, ndalama yomwe sinasinthe chiyambire 1991, bola tipu ifikitse malipirowo pa $7.25 pa ola, omwe ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka. Ikaperewera, bwana ayenera kuwonjezera, koma ena amazemba. Ndiye mukapanda kusiya kangachepe, mwamudula chakudya mnzanuyo. Siyani 15 mpaka 20 peresenti ya bilu. Bilu ya $60, onjezerani $12. Ku bala, dola imodzi kapena ziwiri pa botolo lililonse.

Mayi wa ku London: Yambani mwawerenga bilu, bambo. Kuno malo ambiri amaikiratu service charge (tipu yolembedwa pa bilu) ya 12.5 peresenti, ndipo osayang'ana amalipira kawiri. Kuyambira 1 October 2024, lamulo likuti ndalamayi yonse ipite kwa antchito.

Wotsutsa: Ine dongosololi limandiwawa. Malipiro a munthu asamadalire mtima wa kasitomala. Ku California, dera la ku America lomwe lili ndi lamulo lakelake, weta amalandira malipiro athunthu, tipu n'kubwera pamwamba, ndipo malesitilanti akuyendabe.