Mwana wanga wasankhidwa m'timu ya sukulu, aphunzitsi akewo ndiwadziwe bwanji?

Mayi a ku Ulongué:
Moni nonse. Mtsikana wanga ali kalasi 8 kusekondale kuno ku Mozambique, ndipo aphunzitsi a Educação Física (phunziro la masewera olimbitsa thupi) amuika m'timu ya atsikana ya mpira wamiyendo. Amaphunzira m'mawa, masana n'kubwereranso kubwalo, ndipo akuti akapambana kuno adzapita kukasewera kutali. Aphunzitsiwo sindinawaonepo ndi maso. Ndiyambire pati? Ndikawapeze kunyumba kwawo kapena kusukulu? Nanga ndikawafunse chiyani kuti asaone ngati ndikuwakayikira?

Bambo a ku Dómuè:
Amayi, kunyumba kwawo musapiteko. Nkhani ya mwana wasukulu imayambira kusukulu. Pitani kaye kwa director de turma, mphunzitsi woyang'anira kalasi ya mwanayo, chifukwa ndiye ali ndi dzina lanu monga encarregado de educação (kholo kapena womuyang'anira mwana), ndipo ndiye angakuuzeni tsiku ndi ola lomwe aphunzitsi a masewerawo ali ndi mpata. Phunziro limodzi limatenga mphindi 45, ndipo kampata ka pakati pa maphunziro n'kakang'ono. Mukawaimika pakhonde nthawi imeneyo adzakuyankhani mothamanga, inu n'kubwerako mukuti ndi munthu wamwano pamene sichoncho.

Kumbukiraninso kuti kusekondale si kupulaimale. Mphunzitsi mmodzi amayenda m'makalasi ambiri ndi phunziro lake limodzi, ana amene amawaona pa sabata ndi mazanamazana. Mukafika tchulani dzina lonse la mwana, turma yake (gulu la kalasi limene alimo) ndi nambala yake ya m'kaundula, kuti asamusokoneze ndi wina.

Yambani ndi kuthokoza kuti amuona mwana wanu, mafunso abwere pambuyo. Amayeserera masiku ati, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji? Pabwalopo pamakhalanso wamkulu wina? Sabata ya mayeso amapuma? Funso lalikulu ndi ili: mwana akayamba kutsika m'kalasi, iwo amatani? Malikisi kuno ndi a pa 20, ndipo pansi pa 10 ndi kulephera. Chaka cha sukulu chili ndi zigawo zitatu zotchedwa trimestre, choncho lembani penapake malikisi a Chipwitikizi ndi masamu a trimestre imene asanalowe m'timu, mudzayerekeze ndi a pa pauta (mndandanda wa malikisi) yotsatira. Mphunzitsi weniweni sakwiya nalo funso limeneli. Ambiri amayamba okha kulitchula, chifukwa ntchito imene analembedwa ndi yauphunzitsi, ukochiwu ndi wongowonjezera, nthawi zambiri pa maola awo opuma.

Achimwene a ku Moatize:
Zonsezo n'zoona, koma muofesi aliyense amalankhula bwino. Kochi mumamudziwira pabwalo. Pemphani kuti mudzaonerere tsiku limodzi, mukhale pamthunzi chapatali, osalowerera.

Onani mmene akuyambira. Payenera kukhala mphindi 10 kapena 15 zotenthetsa thupi, kuthamanga pang'onopang'ono ndi kuwongola miyendo, mpira usanayambe. Kwanu ku Angónia zimenezi n'zofunika kwambiri mu Juni ndi Julayi, chifukwa mnofu wozizira ukaukakamiza kuthamanga mwadzidzidzi umakokeka, makamaka kuseri kwa ntchafu. Kuno kumunsi, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, vuto ndi dzuwa: mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, ndiye kochi wanzeru amadikira kuti dzuwa lipendeke. Kulikonseko ana azimwa madzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, asadikire ludzu. Mwana aliyense abwere ndi botolo lake la lita imodzi kapena kuposa. Kochi amene amamana ana madzi ati kuti alimbe, ameneyo sadziwa ntchito.

Onaninso ngati amayendera bwalo kuchotsa miyala, magalasi ndi zitsa, komanso zimene amachita mwana akabinya phazi. Choyenera ndi kumutulutsa, kuika nsalu ya madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, kumanga bandeji mosafinya kwambiri, ndi kukweza mwendowo. Kuthowa ndi madzi otentha kapena kusisita tsiku lomwelo kumawonjezera kutupa. Akalephera kupondera, apite kuchipatala. Ndipo mwana akagunda mutu n'kumva chizungulire kapena kusanza, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale timu ikuluza.

China chimene ndimachiona kukhala chachikulu: tcherani khutu mmene amalankhulira ndi mwana wosatha mpira. Waluso aliyense amamukonda. Komanso mufunseni kochiyo ngati mwana wanu anamuyesapo pa liwiro, mwina luso lake lili pa kuthamanga. Katswiri wothamanga wa dziko lino, Lurdes Mutola, anayambira pa mpira wamiyendo ku Maputo, koma golide wa mpikisano wa Olimpiki ku Sydney mu 2000 anamupeza pothamanga mamita 800.

Anamalunga a ku Tsangano:
Mayi anzanga, poti ndi mtsikana, tisazungulire. Pa ulendo uliwonse pakhale mphunzitsi wamkazi, ndipo mudziwe dzina lake ndi nambala yake ya foni. Jogos Escolares, masewera a mpikisano a ana asukulu, amayambira pasukulu, kenako m'boma, kenako m'chigawo, opambana n'kupita pa dziko lonse, ndiye maulendo ena ndi ogona komweko. Musamulole kunyamuka ndi mawu a pakamwa okha. Pakhale kalata yochokera kwa akulu a sukulu, yokhala ndi chidindo, yonena kumene akupita, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, kumene akagone, galimoto yake, ndi amene akulipira. Ngati pakufunika ndalama, perekani kuofesi, mulandire lisiti.

Konzeranitu BI (chitupa cha unzika) kapena cédula (chikalata cha kubadwa) ya mwanayo, chifukwa mpikisano umayendera zaka zobadwa. Wina akakuuzani kuti asewere pa chikalata cha mnzake kapena achepetse zaka, kanani. Zikadziwika timu yonse imatha kuchotsedwa, manyazi n'kugwera mwana.

Kuyeserera kwa mwana mmodzi yekha, kumuitanira kunyumba, kapena mauthenga a pafoni usiku, zimenezo n'zosaloledwa, kaya munthuyo ndi wotchuka chotani. Uthenga wa timu uzidzera kwa inu kapena pa gulu la makolo pa WhatsApp. Mukaona chachilendo kauzeni director wa sukulu kapena kholo la mu Conselho de Escola (komiti ya pasukulu ya makolo ndi aphunzitsi), ndipo zikapanda kuyenda pitani kuofesi ya maphunziro ya boma. Palinso nambala 116, Linha Fala Criança, yaulere, yoimbira mwana akakhala pamavuto. Mwanayo aidziwe pamtima.

Mayi a ku Ulongué:
Zikomo kwambiri nonse. Kanthu kamodzi: ndingapite chimanjamanja? Ndimaganiza zotenga kathumba ka mbatatesi.

Bambo a ku Dómuè:
Mtima wanu ndi wabwino amayi, koma ulendo woyambawu pitani chimanjamanja. Aphunzitsi omwewo ndi amene amapereka malikisi ndi kusankha osewera, ndiye mphatso ya kholo limodzi imawaika pamavuto, ndipo anzake a mwanayo adzati malo anachita kugula. Ngati mukufuna kuthandiza, afunseni chimene timu ikusowa. Kawirikawiri ndi mpira wa saizi 5, pampu ndi singano yake, laimu wolembera mizere ndi mabandeji. Sonkhani ndi makolo anzanu, mukapereke kusukulu masana anthu akuona, ndipo zilembedwe m'buku la katundu wa sukulu.