Kodi AI itilanda ntchito ife a makompyuta?

Wongoyamba:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndayamba kuphunzira coding (kulemba mapulogalamu a kompyuta) koma mtima sukukhazikika, chitulukireni ChatGPT, AI yoyankha mafunso ija, mu Novembala 2022 aliyense akungoti ma programmer ntchito yawathera. Ndipitilize kapena ndisiye?

Mkulu wa ma server:
Pitilizani achimwene. Ine GitHub Copilot, AI yothandiza ma programmer, ndimagwiritsa ntchito, imalemba code mwachangu ndithu koma nthawi zina imakupatsa function (kachigawo ka code) yoti kulibe n'komwe, ukati uyendetse ndi ma error okhaokha, ndiye ngati sudziwa kuwerenga code uwona bwanji pomwe yaphonya?

Mayi Dev:
Ine nkhawa yanga ili pa ongoyamba kumene. Tintchito ting'onoting'ono tija, kulemba ma test, kukonza tima bug (tizolakwika ta mu code), ndi tomwe timaphunzitsa munthu ntchito, pano mabwana ena akungotipatsira AI. Nanga akatswiri a mawa achokera kuti? Zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Mkulu wa ma server:
Zoona mayi, a customer support nawonso zawavuta, mafunso ophweka akuyankha ndi ma chatbot. Koma database (mosungira data) ikagwa usiku amadzutsabe munthu. Achimwene limbikirani SQL (chilankhulo cha ma database) ndi security (kuteteza makompyuta), ndipo AI muziifunsa ikufotokozereni code mzere ndi mzere, osamangokopera.