Kusintha mabatire a UPS: kodi kutsitsa buleka n'kokwanira?

Mlonda_wa_Maseva

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. UPS ya m'chipinda cha maseva, makina aja opatsa maseva magetsi a mabatire magetsi akathima, ili ndi mabatire 40 a 12V, 100Ah lililonse, olumikizana mzere umodzi, a mtundu wotsekedwa uja wa VRLA. Awiri atupa m'mbali, ndiye akufunika kusintha maseva ali chiyakire. Kodi kuika UPS pa bypass (njira yoti magetsi afike ku maseva molambalala UPS) n'kutsitsa buleka ya mabatire n'kokwanira kuti munthu apisemo manja? Komanso oyendera zachitetezo alemba kuti chipindacho chilibe potulukira mpweya, pamene ena akuti batire yotsekedwa situlutsa kanthu. Akunena zoona ndani?

Wamawaya

Sikokwanira ayi, achimwene. Buleka imangolekanitsa mabatire ndi UPS, koma batire ilibe pozimitsira. Batire iliyonse ikamatchajidwa imakhala pa 13.5V, ndiye 40 ndi 540V ya DC, ndipo mukatsitsa buleka mzerewo umatsalabe pamwamba pa 500V. Sipanala ikagwera pamitu iwiri, ngakhale ya batire imodzi yokha, pamadutsa maampeya opitirira 1,000. Chitsulo chimasungunuka n'kuthovukira kumaso.

Yambani ndi bypass, ndipo musasokoneze dongosolo lake. UPS ipite kaye pa static bypass (bypass ya m'kati mwa makinawo) kudzera pa batani lake, muone pa sikirini kuti yasamukadi, kenako mukweze maintenance bypass (switchi yapamanja yolambalala UPS yonse), n'kumaliza ndi kutsitsa buleka yotulutsa magetsi, yolowetsa, ndi ya mabatire. Mukakweza maintenance bypass inveta (gawo la UPS losandutsa DC kukhala AC) ikugwirabe ntchito, mwagundanitsa magetsi ochokera mbali ziwiri, ndipo inveta ingapse, maseva n'kuzimira limodzi. Buku la makinawo likanena zosiyana ndi izi, tsatirani bukulo.

Buleka iliyonse yomwe yatsitsidwa ikhomedwe loko ndi kachikwangwani kolembapo dzina la wokhoma ndi tsiku. Ogwira ntchito akakhala atatu, maloko akhalenso atatu, aliyense kiyi wake m'thumba. Zoti kapitawo asunge kiyi mmodzi wa onse ndi zomwe zimaphetsa anthu: iye akaona awiri atuluka amayesa ntchito yatha.

Dikirani mphindi zosachepera 5 kuti ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) a m'kati mwa UPS atsitse moto. Kenako yezani, koma mitayo muyiyese kaye pamalo omwe mukudziwa kuti pali magetsi, muyeze pogwirira ntchito, n'kubwereranso pamalo oyamba aja. Mita yoduka waya imaonetsa 0V paliponse. Yezani pakati pa + ndi −, komanso mbali iliyonse ndi chitsulo cha shelefu, chifukwa batire yotupa ikadontha asidi magetsi amayenda m'shelefumo.

Pomasula, chotsani kaye cholumikizira chapakati kuti mzere ugawike pawiri, n'kumapitiriza kudula mpaka patsale timagulu ta mabatire anayi, pafupifupi 50V. Mpaka pamenepo muli ndi magolovesi a labala a Class 0, achikopa pamwamba pake, chotchinga kumaso, ndi masipanala okutidwa a 1000V. Wotchi ndi mphete zitsale panja.

Mayi_wa_Chitetezo

Oyenderawo sanalakwe. VRLA ili ndi kavavu komwe kamatseguka mpweya ukachuluka m'kati, ndipo chotulukacho ndi hydrogen. Pa tsiku labwinobwino ndi wochepa, koma tchaja ikasokonekera n'kukweza mphamvu, kapena batire ikayamba kutentha, amachuluka msanga. Hydrogen akafika 4 peresenti ya mpweya wa m'chipinda amayaka ndi kamoto kothetheka pa switchi ya nyali. N'chifukwa chake malamulo ambiri a zamoto amati asadutse 1 peresenti.

Muyezo wa IEC 62485-2 uli ndi kawerengedwe kake. Mpweya wofunika pa ola, mu m³, ndi 0.05 × maselo × I × Ah × 0.001. Batire ya 12V ili ndi maselo 6, ndiye inu muli ndi 240. Ah ndi 100 yanu ija. I, moto wotchajira womwe umatulutsa hydrogen, ndi 1 pa VRLA yomwe ikungosungidwa yodzaza, koma 8 ikamatchajidwa mwamphamvu. Werengerani choipitsitsacho: 0.05 × 240 × 8 × 100 × 0.001 = 9.6 m³ pa ola. Ngati palibe fani, bowo lolowetsa mpweya ndi lotulutsa likhale 28 × 9.6, pafupifupi 270 cm² lililonse. Ndi kabowo ka masentimita 17 mbali zonse basi, sikuti mugumula khoma.

Pomwe ambiri amaphonya ndi malo ake. Hydrogen ndi wopepuka, amakaunjikana kudenga, ndiye lotulutsa likhale pamwamba, lolowetsa pansi, pa makoma oyang'anizana. Akakhala pakhoma limodzi atalikirane mamita awiri. Atulukire kunja, osati m'khonde kapena m'siling'i. Sensa ya hydrogen nayo ikhale kudenga. Yoikidwa pafupi ndi chitseko kuti iwerengeke mosavuta siimva kanthu mpaka zinthu zitaipa. Ndipo makina oziziritsa chipinda asakunamizeni: ambiri amangozunguza mpweya womwewo.

Za kutupako, yang'anani kutentha. Mabatirewa amawerengeredwa pa 25°C, ndipo madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wake ndi theka. Mukapanda kukonza chomwe chatupitsa akalewa, atsopanonso atsata njira yomweyo.

Wa_Majenereta

Ndiwonjezerepo chomwe sichinatchulidwe. Nthawi yonse muli pa bypass maseva alibe chowateteza: magetsi akangophethira, azima. Ambiri amasamutsira katundu yense wa magetsi ku jenereta asanayambe. Ndi nzeru yabwino, bola kusamukako kuchitike UPS isanaikidwe pa bypass, dizilo akhale wokwana, ndipo ATS (switchi yosintha yokha pakati pa jenereta ndi magetsi akunja) ikhomedwe kuti isabwerere yokha pakati pa ntchito. Maseva a mawaya awiri a magetsi, A ndi B, onetsetsani kuti mbali B payokha ingasenze katundu yense.

Makina ozimitsa moto ndi gasi aikeni pa manual muli m'katimo, n'kulemba pa chilolezo cha ntchito kuti wowabwezera pa auto ndani. Amaiwalika kawirikawiri. Batani lofiira la EPO, lozimitsa zonse mwadzidzidzi, likhale ndi chivundikiro, chifukwa batire ya makilo 30 imayendetsa munthu chambuyo, ndiye angaligunde osaona. Pachilolezo pomwepo palembedwe mayina a olowa, nthawi, ndi mabuleka omwe akhomedwa. Oyendera amafuna pepala limenelo, osati mawu apakamwa.

Mlonda_wa_Maseva

Zikomo kwambiri nonse. Nanga kungosintha awiri otupawo, enawo n'kuwasiya?

Wamawaya

Monga chigamba cha masabata ochepa, mwina. Koma mzere umodzi umatchajidwa ndi moto umodzi, ndiye atsopano ndi akale sagawana mofanana: ena amapsa, ena sadzaza. Yezani internal resistance (kukaniza moto kwa m'kati mwa batire) ya lililonse, muyerekeze ndi zomwe zinalembedwa poika. IEEE 1188, muyezo wa kasamalidwe ka mabatire a VRLA, imati batire ikatsika pansi pa 80 peresenti ya mphamvu yake isinthidwe, ndipo awiri akafika potupa anzawo amsinkhu umodzi sakhala patali. Sinthani onse.

Pomanga, mabawuti amangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza kuthina) pa mlingo wa opanga, chifukwa lolefuka limatentha, lothina kwambiri limang'amba mutu wa batire. Cholumikizira chapakati chija chibwerere pomaliza. Musanakweze buleka, yezani mzere wonse ndi kutsimikiza kuti + ali kwa +, ndipo manambala a batire lililonse alembedwe tsiku lomwelo kuti odzayeza pakatha miyezi itatu akhale ndi poyambira.